Njoka m'nyumba mwathu

Anzanga achinyamata, sabata ino ndikufuna kukusimbirani nkhani imene inatsala pang'ono kutigawanitsa pakhomo pathu kuno ku Manchester.

Mng'ono wanga anakulira konkuno. Atakwanitsa zaka 15 anapempha chinthu chimene mwana wa kwathu ku Dedza sangalote n'komwe: ankafuna kuweta njoka. Amayi atamva anaika chipande pansi. "Mwana iwe, ukufuna anthu azinena kuti m'nyumba muno mumakhala afiti?" Ine sindinawadabwe. Amayi anakula akuona mphiri zikuluma anthu m'minda, ndipo kwa iwo njoka inali ija ya m'munda wa Edeni basi. Kwa milungu ingapo awiriwo sankayankhulana bwino, ine ndili pakati.

Chimene chinafewetsa mtima wa amayi chinachitika pa Misa ya pa 14 September, tsiku lolemekeza Mtanda Woyera. Tinamva za Mose amene anapachika njoka yamkuwa pamtengo kuti olumidwa akaiyang'ana achire, ndipo mu Mthenga Wabwino Ambuye Yesu anafanizira zimenezo ndi kupachikidwa kwao. Tikubwerera, amayi ananena motsitsa mawu kuti, "Nayonso njoka anailenga ndi Mulungu." Analola, koma anati ineyo monga wamkulu ndiyang'anire zonse.

Posankha, mng'ono wanga anakopeka ndi kansato kotchedwa ball python, kochokera kuzambwe ndi pakati pa Africa. Ndinamukumbutsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kansatoko kamatha kukhala moyo zaka 30, kamafuna chinyezi chambiri, ndiponso kamanyanyala chakudya kwa miyezi. Tinasankha corn snake, njoka yochokera kummwera chakuvuma kwa dziko la America. Ilibe ululu, ndi yofatsa, imakula pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo imakhala zaka 15 mpaka 20. Tinagula yobadwira kwa oweta, osati yogwidwa kutchire. Ndinamufunsa kuti, "Ukadzafika zaka 30, udzakhala ukuisamalabe?" Iye anavomera.

Tisanaibweretse tinayamba takonza pokhala pake. Njoka siipanga yokha kutentha kwa thupi lake, choncho bokosi lake lagalasi liyenera kukhala ndi mbali yofunda, madigiri 28 mpaka 30, ndi mbali ina yozizirirapo, kuti izisankha yokha kokhala. Chotenthetsera tinachilumikiza ku thermostat kuopa kuti chingaiwotche. Tinaikamo mobisala muwiri, kofunda ndi kozizira, mbale ya madzi ndi nthambi yokwerapo. Bokosilo liyenera kutalika mokwanira kuti njokayo izitha kudziwongola yonse. Chakudya chake ndi mbewa zouma ndi chisanu zimene timazisungunula, kamodzi pa sabata ikadali yaing'ono. Apa amayi anaseka koyamba: "Kwathu mbewa ndi ndiwo, kuno mukugulira njoka!" Lamulo lao linali lakuti aliyense woigwira asambe m'manja ndi sopo, chifukwa zokwawa zimanyamula tizilombo ta salmonella.

Patapita miyezi iwiri, mng'ono wanga anathamangira ku mpira osatseka bwino galasi. Madzulo njoka munalibe. Amayi anagona nyali ili chiyakire, ndipo mnyamatayo analira ngati kamwana, podziwa kuti m'nyengo yozizira ya kuno cholengedwacho chikanafa chifukwa cha iye. Tinafunafuna masiku atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tinaipeza itadzipinda kuseri kwa firiji, pamene pamafunda. Anaiona koyamba ndi amayi, ndipo sanathamangire mtengo. Anatiitana. Tsiku lomwelo tinagula loko wa pagalasipo.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2415 mpaka 2418, amatiphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zimene anaziika m'manja mwathu, ndipo kuzizunza popanda chifukwa n'kunyazitsa ulemu wathu womwe. Amatichenjezanso kuti tisamawonongere nyama ndalama zoyenera kuthandizira anthu ovutika. Mfundo imeneyi inatilasa, poganizira abale amene tinawasiya kumudzi. Tinagwirizana kuti ndalama za mbewa ndi magetsi zizichokera m'thumba la mng'ono wanga, ndipo zotumiza kwa agogo zisachepe ngakhale pang'ono.

Njokayi sidzamuthokoza, sidzamulandira pakhomo ngati galu. Komabe m'mawa uliwonse amayang'ana kutentha ndi kusintha madzi asanapite kusukulu. Ndikamuona ndimadzifunsa za anthu amene Mulungu anawaika m'manja mwanga, amene ndimawaiwala akapanda kundithokoza. Nanunso dzifunseni sabata ino: ndani akudalira inu, ndipo munamuyendera liti?

Ambuye, tiphunzitseni kusamala zimene mwatisungitsa. Amen.