Kuchokera ku Katuli kukaona nyanja ya mchere pa galimoto

Ife a kuno kwa Katuli, Mozambique sitiyiona ngati dziko lachilendo. Abale athu ali tsidya lomwelo, ndipo ku Mandimba mutha kugula ndi kugulitsa m'Chiyao tsiku lonse. Kuzolowera kumeneku ndi kumene kumapusitsa ena akaganiza zopita ndi banja pa galimoto kukaona nyanja ya mchere ku Ilha de Moçambique. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera pa chipata cha Chiponde, ndipo Chiyao chanu chidzayamba kuchepa mphamvu musanafike ku Cuamba. Kuchokera pamenepo ndi Chimakua ndi Chipwitikizi.

Tiyambe ndi mapepala. Njira zachidule zodutsa m'minda zisiyireni a njinga. Galimoto idutse pa Chiponde, pasipoti idindidwe, ndipo ku Mandimba mutenge chilolezo cholowetsera galimotoyo. Inshuwalansi ya COMESA ija ya khadi lachikasu kumeneko sigwira ntchito chifukwa Mozambique sili m'bungweli, choncho mugule ina pa chipata pomwepo. Apolisi apamsewu amafunanso matirayango awiri ofiira ndi jekete yonyezimira. Akakupezani olakwa, lipirani koma pemphani lisiti, mwaulemu.

Amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, nkhani yabwino. Msewu wa N13 umadutsa ku Cuamba, Malema ndi Ribáuè mpaka ku Nampula, ndipo mapiri a miyala ikuluikulu ozungulira Malema ndi okwanira kuimitsira galimoto kuti ana aone. Koma pomwe pali phula losalala ndi pomwe phazi limalemera. M'timatauni liwiro lisapose makilomita 60 pa ola. Mukaona pothirira mafuta thirani, ngakhale thanki ili theka, ndipo ndalama zikhale za meticais. Usiku musayende. Njinga zamoto zopanda magetsi, mbuzi ndi malole ofera pamsewu sizioneka mpaka mwafika pafupi. Gonani ku Nampula, m'mawa mudzere ku Namialo ndi Monapo.

Zolowera kumpoto ku Cabo Delgado iwalani. Zigawenga zakhala zikupha anthu kumeneko kuyambira mu October 2017, ndipo mu 2022 zinafika mpaka m'boma la Memba, m'chigawo cha Nampula momwemo. Funsani za chitetezo musananyamuke. Nyengo nayonso muisankhe: namondwe wa Gombe anagunda gombe lomweli mu March 2022. Miyezi ya June mpaka September ndiyo yabwino.

Mlatho wolowera pachilumbacho ndi wautali makilomita oposa atatu, koma ndi wopapatiza moti galimoto ziwiri zimapatsana mpata m'malo okonzedwa okha. Mukaoloka, galimoto ipumule, chilumbacho n'choyenda pansi. Linali likulu la Apwitikizi mpaka 1898, ndipo UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991. Kumapeto kwake kuli linga la São Sebastião, ndipo m'mbali mwake muli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. Kwa ine chofunika kwambiri n'chakuti makolo athu Achiyao ankafika ku gombe limeneli wapansi, atasenza minyanga ya njovu, ndipo, tisabise, akutsogolera akapolo. Ana auzeni zimenezi ali chiimire pamakoma amenewo. Mizikiti iliponso, choncho za pokaswali ndi za chakudya musade nkhawa.

Tsono nkhani ya madzi. Amene anazolowera kusamba ku Makawa kapena kwa Makanjira amaganiza kuti madzi ndi madzi basi. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika ndi nyengo, pang'onopang'ono. Iyi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Pamene m'mawa panali mchenga wouma, masana pangakhale madzi omiza munthu wamkulu, ndipo akamabwerera amakoka mwamphamvu. Funsani asodzi nthawi imene madzi abwere musanalole ana kupita kutali kukatola zigoba. Avale nsapato, chifukwa m'miyala muli tizilombo ta minga tobaya. Mukafuna kukwera bwato la tanga kupita ku chilumba cha Goa kumene kuli nsanja younikira sitima, werengani kaye majekete oyandamitsa, ndipo akakhala ochepa kuposa anthu, musakwere.