Mwana Amene Anaoloka Ali Kumsana

Nchito yanga pa wailesi ya m'dera lathu ndi kutenga nkhani zolembedwa m'Cipwitikizi n'kuziwerenga m'Cinyanja. Mawu ambiri savuta kumasulira. Amene amandiimitsa ndi awiri: imigrantes ilegais. Ndikanena kuti "olowa m'dziko mozemba", womvera amaona mbala ikukwawa usiku. Ndikanena kuti "anthu opanda zikalata", amaona munthu amene cina cake camusowa. Nkhani ndi yomweyo, koma mtima wa womvera wapita kwina.

Ife a kumalire nkhaniyi tisaimve ngati ya eni. Ku Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo mbatata za ku Angónia zimagulitsidwa tsidya lina popanda cidindo. Nkhondo isanathe mu Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ine a e i o u ndinaphunzirira komweko, pansi pa mtengo, ndipo aphunzitsi anandifunsa dzina langa ndi la bambo basi.

Mu Marici 2020, anthu 64 ocokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole ku Mussacana, m'boma la Moatize. Amoyo anali 14. Zimene ambiri tinamva ndi ciwerengero ndi mawu awiri aja. Ku Joni nako mawu acita zawo. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo m'bale wathu Ernesto Nhamuave anatenthedwa wamoyo ku Ramaphosa, pafupi ndi Johannesburg. Caka comweco nyuzipepala ya Daily Sun inadandaulidwa cifukwa cochula obwera kuti "aliens", ngati zolengedwa zosakhala anthu.

Amene sitimuona pa zithunzi zimenezi ndi mwana wa sukulu. Kanema amakonda kuonetsa anyamata akudumpha waya. Saonetsa mtsikana amene anaoloka malire ali kumsana kwa mayi ake, wakulira ku Joni, amalankhula Cizulu ngati mwini nthaka, ndipo wakhoza mayeso a matric. Iyeyu anazemba ciyani? Pa tsiku loolokalo anali asanayambe n'kuyenda komwe.

Mu Disembala 2019, khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe kusukulu cifukwa cosowa zikalata. Cinali cigamulo cabwino, koma cinathera pa sekondale. Pakhomo la yunivesite amafuna citupa ca unzika, kapena pasipoti yokhala ndi cilolezo cophunzirira. Thandizo la boma la NSFAS, limene limalipirira ana a amphawi, silifika kwa wopanda zikalata. Motero mwana amene waphunzira zaka 12 amabwerera kukagulitsa tomato pambali pa mayi ake. Ndipo popeza anthu anazolowera kumva kuti obwera ndi akuba nchito, palibe amene amamukwiyira m'malo mwake.

Akabwera kuno kwawo, mavuto amamulonjera pakhomo. Ngati sanalembetsedwe ku Conservatória alibe cédula, ndipo popanda kulembetsedwa BI saipeza. Satifiketi yakunja iyenera kuyamba yavomerezedwa ndi a zamaphunziro. Popanda zonsezi sangalembe mayeso olowera yunivesite, ngakhale a sukulu ya zaulimi ya UniZambeze imene ili pa Ulónguè pompa. Cimodzimodzi mwana wobadwira ku cipatala ca ku Dedza cifukwa ndico cinali pafupi, makolo n'kuiwala kukamulembetsa kuno. Uku ndi mlendo, ukonso ndi mlendo.

Sindikunena kuti malire alibe nchito, kapena kuti boma lisadziwe amene ali m'dziko. Ndikunena kuti kusowa pepala ndi vuto lofuna kukonza, osati dzina la munthu. N'cifukwa cake ndikakhala pa maikolofoni ndimati "anthu opanda zikalata", ndipo zikadziwika ndimachula kwawo, zaka zawo ndi kumene amapita. Anzanga a pawailesi, tikamafunsa apolisi kuti agwira angati, tizifunsanso kuti pakati pawo ana ndi angati, ndipo analekezera kalasi yanji.

Inu makolo, ndinu oyamba kumutsegulira mwana njira. Kaya wabadwira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Joni, kamulembetseni adakali wakhanda, musadikire kuti afike kalasi ya 12. Muli ndi abale ku Joni, afunseni pa foni ngati ana awo ali ndi zikalata. Pepalalo lisungeni m'pulasitiki, pamalo pamene ciswe ndi mvula sizifika. Tsiku lina mwanayo adzaima pa mzere wa mayeso, ndipo wolemba maina adzatambasula dzanja.