Mpira wa atsikana usamadikire 7 Epulo

Chaka ndi chaka likafika tsiku la 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino, mabwalo a mpira kuno kumalire amadzaza. Akuluakulu akatha kulankhula, magule akaleka, atsikana amalowa m'bwalo. Ena avala nsapato, ena alibe, majezi ndi obwereka kwa anyamata. Anthu amakuwa mpaka mawu kusasa. Opambana amalandira makapulana, mwina ndowa, mwina mpira umodzi, kenaka aliyense kwawo. Kukacha zii. Atsikana aja sitidzawaonanso mpaka pa 25 Juni, ngati okonza mwambo wa ufulu awakumbukira.

Ine ntchito yanga ndi ya pa wailesi, ndipo Lolemba lililonse ndimawerenga zotsatira za masewero, poyamba m'Chipwitikizi kenaka m'chinenero chathu. Za amuna sizivuta. Pali ndandanda, akuti ali pamwamba ndi mapointi akuti, akuti ali kunsonga kwa mchira, Lamulungu likubwerali akumana akuti ndi akuti. Koma za atsikana zimabwera ngati uthenga wa ng'ombe yosowa: kapepala kamodzi lero, kenaka miyezi itatu osamvanso kanthu. Omvera ena amandiimitsa pamsika ku Ulónguè ndi kundifunsa kuti kodi mwana uja anagoletsa zigoli zitatu ali kuti masiku ano? Kawirikawiri yankho limakhala lakuti anasiya, anapita kubanja.

Tsono abale, tiyeni tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timazisakaniza. Pali ligi, imene pa Chipwitikizi amati campeonato, ndipo pali chikho, taça. Mu ligi timu iliyonse imakumana ndi inzake iliyonse kawiri, kwawo ndi koyenda, ndipo amene wagonja lero amaseweranso sabata yamawa. Matimu akakhala asanu ndi atatu, mwana aliyense amasewera masewero 14 pachaka. M'chikho ndi chipulula, wagonja watuluka. Zimene timawapatsa atsikana athu pa 7 Epulo ndi kachikho ka tsiku limodzi, kotero kuti timu imene yagonja m'mawa yasewera kamodzi kokha chaka chonse. Nanga munthu angaphunzire bwanji kupalasa njinga akamaikwera kamodzi pachaka?

Kuti timvane bwino, ndiloleni ndikutengeni tipite ku England, dziko limene mpira wake ambiri mumauonera m'nyumba za kanema pamsika. Kumeneko nkhani ya kakonzedwe ka ligi ndi chikho cha amayi yakhala ikukambidwa zaka zambiri, ndipo muli zoti titoleko ndi zoti tizisiye komweko.

Tsiku lotsatira Khirisimasi m'chaka cha 1920, anthu 53,000 anakhamukira ku bwalo la Goodison Park mumzinda wa Liverpool kukaonera amayi a pa fakitale ya Dick, Kerr akusewera ndi anzawo a St Helens. Mu Disembala 1921, bungwe la FA loyendetsa mpira kumeneko linaletsa amayi kusewera pa mabwalo a matimu ake, ati mpira suyenera munthu wamkazi. Mawu omwe aja timawamva pa bawo kuno, azungu ndiwo anayamba kuwanena, ndipo chiletso chawo chinakhala zaka pafupifupi 50.

Chiletso chitatha sanathamangire ligi ya dziko lonse ayi. Anayamba ndi chikho. Matimu 71 analembetsa, ndipo mu 1971 Southampton inatenga chikho choyamba itagonjetsa Stewarton Thistle ndi zigoli 4 kwa 1. Ligi ya dziko lonse inadzabwera mu 1991, patapita zaka 20. Zaka zonsezo atsikana ankasewera m'maligi a m'madera mwawo, pafupi ndi kwawo, ndipo chikho ndicho chinkawakumanitsa ndi akutali. Apa pokha ndimati anthuwa anaganiza ngati alimi. Anayamba ndi nazale.

Koma mumvenso za Doncaster Belles. Timu imeneyi inayambitsidwa mu 1969 ndi atsikana amene ankagulitsa matikiti a mwayi pa bwalo la timu ya amuna m'tauni yawo. Popanda bwana wolemera kumbuyo kwawo, anatenga chikho cha dziko kasanu ndi kamodzi, ndipo ndiwo anapambana ligi yoyamba ija. Mu 2011 FA inakhazikitsa ligi yatsopano ya WSL ya matimu asanu ndi atatu, ndipo polowamo panafunika chiphaso: uonetse ndalama, bwalo ndi antchito. Mu 2013, atangosewera kamodzi kokha m'ligi ya chaka chimenecho, a Belles anauzidwa kuti chaka chamawa atsikira mu ligi yachiwiri, ndipo malo awo anapita kwa Manchester City. Tangoganizani ana amenewo kusewera chaka chonse akudziwa kuti ngakhale agoletse bwanji, atsika basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti ndalama ndi zoipa. Lero amayi a mu ligi yaikulu ya ku England mpira ndiyo ntchito yawo, ndipo mu 2023 anthu 77,390 analowa m'bwalo la Wembley kukaonera ndime yotsiriza ya chikho chawo. Koma mu 2025, kutamveka maganizo akuti ayambe aimitsa zotsitsa timu ya kumchira, ochemerera ambiri anakana, ndipo mu Juni chaka chomwecho matimu anagwirizana zokweza chiwerengero kuchoka pa 12 kufika pa 14, kutsika ndi kukwera kukhalepobe. Ine ndili kumbali ya ochemerera aja. Timu izikwera ndi zigoli, izitsikanso ndi zigoli.

Mwina wina afunsa kuti za ku Ulaya zikutikhudza bwanji ife a ku Dómuè, ku Tsangano ndi ku Zóbuè. Zikutikhudza chifukwa makwerero amenewa tsopano afika ndi kuno. Kuyambira 2021 bungwe la CAF lili ndi mpikisano wa matimu a amayi a mu Africa monse, umene Mamelodi Sundowns ya ku South Africa inayamba kupambana ku Cairo. Kuti timu ikafike kumeneko, iyenera kukhala katswiri wa dziko lake, kenaka ipambane kuchigawo cha kumwera kuno cha COSAFA. Mu 2022 anapambana chigawochi ndi a Green Buffaloes a ku Zambia. Mu 2024 masewero a chigawo anachitikira ku Blantyre, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kuno, ndipo dziko lathu linaimiridwa ndi União Desportiva de Lichinga. Osati ya ku Maputo, koma ya ku Niassa, kwa anzathu a chimanga ndi mbatata ngati ife tomwe. Makwerero alipo, kungoti popondapo poyamba, pa mudzi ndi pa boma, ndi pamene palibe.

Anansi athu a ku Malawi, amene anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia 2 kwa 1 pamene atsikana a dziko lathu anathera pa nambala 3, anayambitsa ligi ya amayi ya dziko lonse ya matimu khumi mu 2025. Ambiri kuno mumamvera mawailesi a kutsidya ndipo mwina mukuti nafenso tichite chomwecho. Tisafulumire. Ku Malawi timu imakwera basi ku Blantyre m'mawa ndi kukagona ku Mzuzu. Kuno kuchokera ku Tete kufika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Matimu a amuna a mu Moçambola amayenda pa ndege, ndipo nkhani ya ndalama za ndegezo siikata kumveka. Ligi ya amayi yotengera ya amuna ingakhale ya matimu ochepa a m'mizinda okhala ndi kampani kumbuyo, ndipo mwana wa ku Calómuè angaimvere pa wailesi pokha, ine ndikumuwerengera.

Chimene ndikuona kuti tingathe ndi manja athu ndi ligi ya pa boma. Matimu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, a masukulu, a mipingo, a midzi, oyandikana moti n'kufikirana pa njinga kapena pa shapa imodzi. Akatswiri a Angónia adzakumane ndi a Tsangano, a Macanga ndi a Chifunde, ndipo wopambana apite ku Tete. Inu makolo amene mumakaniza ana anu, nkhawa yanu ndimaimva ndipo si yopanda pake. Palibe amene amafuna mwana wake wamkazi akagone kutali m'manja mwa anthu osawadziwa. Ligi ya pafupi ndiyo yankho lake: mwana anyamuka atatha ntchito za m'mawa, ali ndi mayi wamkulu woperekeza timu, ndipo dzuwa lisanalowe wafika pakhomo.

Chikho ndiye chikhale cha aliyense. Timu iliyonse yolembetsa ilowe, ndalama yolowera ikhale yochepa, mayere achitike poyera anthu akuona, ndipo tingathe kuwaulutsa pa wailesi nthawi yomweyo kuti pasakhale manong'onong'o. Lamulo limodzi lokha ndingapemphe: timu yaing'ono ikagwera yaikulu, masewero achitikire kwa yaing'onoyo. A mumzinda wa Tete, amene ali ndi galimoto, akwere phiri adzamve kuzizira kwa kuno. Mudzi umene waona timu ya mumzinda ikutuluka thukuta pa bwalo lawo sufunanso kuuzidwa kuti mpira wa atsikana ndi weniweni.

Chikho chimenechi chisakhale cha munthu mmodzi. Chaka china bambo wina wa sitolo anaika chikho cha atsikana m'dzina lake, ine ndinalengeza masabata atatu, masewero anakoma. Chaka chotsatira atsikana anakonzekera, koma bamboyo anati malonda sakuyenda, ndipo chikho chija chili pa shelefu m'sitolo mwake mpaka lero, pafupi ndi sopo. Wofuna kuthandiza athandize, tidzamutchula ndi kumuthokoza, koma chikho chikhale m'manja mwa komiti yokhala ndi aphunzitsi, amfumu ndi amayi, kuti chisamafe pamodzi ndi malonda a munthu kapena kutha kwa kampeni.

Nyengo yake ndi yodziwika kale, kuyambira Meyi tikakolola mpaka Okutobala mvula isanagwe. Atsikana apatsidwe Loweruka lawo masana, osati kuwalowetsa m'bwalo Lamulungu dzuwa lili paliwombo kuti atenthetse bwalo, kenaka oyimbira n'kudula mphindi chifukwa amuna afika.

Pomaliza pali nkhani ya kaundula, imene tonse a kumalire kuno timaidziwa koma timangoseka. Ikafika ndime yotsiriza, timu imatulukira ndi atsikana atatu achilendo othamanga ngati agwape, ndipo ukafunsa amati ndi adzukulu a amalume. Mawa lake awoloka kubwerera ku Dedza kapena ku Ntcheu. Kuno midzi ina malire anaidula pakati, ndipo mwana amene amagaya chimanga pa chigayo chimodzi ndi anzake sitingamukanize kusewera nawo. Koma alembedwe m'buku ligi isanayambe, dzina, mudzi ndi chaka chobadwa, mphunzitsi wamkulu kapena anyakwawa asayinire, ndipo buku limenelo lizikhala pambali pa bwalo masewero aliwonse, kuti amene akukayikira atsegule yekha aone.