Ulendo Wokaona Malinga, Manda ndi Mapanga

Kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikuima pamaso pa ana a sukulu, choko chili m'manja, kuŵaphunzitsa za Kalonga, za malonda a akapolo ndi za kufika kwa Uthenga Wabwino m'dziko muno. Maina a malo ndi zaka zake ndidaziloŵeza monga momwe mwana wa kalasi amaloŵezera katekisma, koma kunena zoona, ambiri mwa malowo ndidali ndisadapondeko. Tsiku lina mdzukulu wanga, msungwana wa Sitandade 7 amene timakhala naye, adandifunsa kuti, "Agogo, kodi linga ndi lalikulu bwanji? Limaposa tchalitchi chathu?" Ndidayasamula kukamwa, koma yankho lidasoŵa.

Usiku womwewo ndidauza mai a kunyumba kuti tikakumba mbatata ya kacheŵere tipatule ndalama za matumba angapo, kuti tikaone ndi maso zimene ndakhala ndikuuza ana a eni. Iwo adaseka nati, "Bambo, anzanu akagulitsa mbatata amagula malata, inu mukufuna kukaona manda?" Komabe adavomera, ndipo pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti 2024 tidanyamuka atatu kuno kwa Kaphuka, chisanu cha m'maŵa chikali m'mafupa.

Tidapitirira boma la Dedza, ndipo pa Masasa tidakhotera kumseu wa Khwekhwerere, umene umatsetsereka mokhotakhota mpaka pa Golomoti. Pofika pansi majuzi onse tidali titavula. Kuchokera pamenepo tidaloŵera kumpoto, ku Mtakataka, kukafunafuna Mankhamba, likulu la mafumu a Kalonga pa nthaŵi imene ufumu wa Amaravi udali pa mphamvu. Amene akupita kumeneko asayembekezere kuona zipupa kapena nsanja. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zotere chiswe ndi mvula sizizisiya. Ife tidapeza minda ndi midzi chabe. Koma pansi pa nthaka imeneyo katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, adapezapo mikanda yagalasi, zidutswa za minyanga ya njovu, mkuwa, ndi mapale a mbale zochokera ku China. Ndiye kuti Azungu asadaone nyanja yathu, anthu a pamenepa adali kale pa malonda ndi maiko a kutsidya kwa nyanja yamchere. Mdzukulu wanga adayang'ana uku ndi uku nati, "Agogo, mzinda wake ndi umenewu?" Ndidamuyankha kuti inde, ndipo mumtima ndidadziŵa kuti phunziro loyamba la ulendo wathu ndi limeneli: ufumu ungathe kukula chotani, koma ngati palibe woukumbukira, umasanduka munda wa chimanga.

Pobwerera tidapatukira pa mishoni ya Akatolika ya Mua, imene idayamba m'chaka cha 1902, ndipo tidaona nyumba yosungiramo za miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, ntchito imene adaiyambitsa Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. Tidagona pa Golomoti, ndipo kutacha tidakwera galimoto ya ku Monkey Bay.

Mseu wa ku Cape Maclear umadutsa pakati pa mapiri, ndipo m'mbali mwake muli Mwalawamphini, thanthwe lokhala ndi mizere yonga mphini za agogo athu aakazi, koma yosalembedwa ndi dzanja la munthu. Kupitirira mudzi wa Chembe, m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndi kumene kuli manda amene ndinkafunitsitsa kuŵaona. Pano ndi pamene gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia lidakocheza sitima yao ya Ilala mu Okutobala 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo Dr Robert Laws adali m'gulumo akali mnyamata. Malowo ndi okongola zedi, madzi ake oyera ngati galasi, koma malungo adaŵakana alendowo. Pofika chaka cha 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe, adali ataika anzao asanu m'manda, pamene wobatizidwa adali mmodzi yekha.

Tidaima pa mandawo nthaŵi yaitali osalankhula. Mmodzi mwa ogona pamenepo ndi Dr William Black, amene adamwalira m'chaka cha 1877 asadathe ngakhale chaka chimodzi pa ntchito. Koma dzina limene lidandigwira mtima ndi la Shadrach Mngunana, munthu wakuda ngati ife, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene adabwera m'chaka cha 1876 pamodzi ndi William Koyi ndi anzao ena. Iyeyu adali mphunzitsi, ndipo adaphunzitsa ana a pa doko limeneli mpaka imfa idamtenga m'chaka cha 1877, kutali ndi abale ake. Ine amene ndimadandaula akandituma kusukulu yopanda nyumba yabwino ya mphunzitsi, ndidachita manyazi pamaso pa chiliza chake.

Mai a kunyumba, amene adaseka za ulendowu, ndiwo adayamba kupukuta misozi. Adandifunsa kuti, "Nanga mmodzi wobatizidwayo adali yani?" Ndidaŵauza kuti adali Albert Namalambe, amene adabatizidwa mu Malichi 1881, nasiyidwa kuyang'anira ntchito pa Cape Maclear amishoni atachoka, ndipo pambuyo pake adakatumikira ku Livulezi, mpingo umene lero uli m'Sinodi yathu ya Nkhoma. Munthu woŵerengera phindu monga wamalonda akadati asanu aja adafera chabe. Koma ŵerengani Akristu amene amasonkhana la Mulungu lililonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kenaka mubwerere ku manda asanuwo, mudzaona kuti Mulungu saŵerenga monga tiŵerengera ife. Tidapemphera pomwepo, kenaka tidakadya chambo m'mudzi.

Tsiku lachitatu tidafika pa Mangochi, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston. Linga loyamba adalimanga m'chaka cha 1891 kutsidya kwa mtsinje wa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, pofuna kutseka njira imene akapolo ankadutsira. Pafupi ndi mlatho pali nsanja yanjerwa yokhala ndi wotchi, yomangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wa sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idakaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kutsidya kwa nyanja, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946. Anthu a malonda ndi akabaza ankangodutsa osacheuka, pakuti chimene umachiona tsiku ndi tsiku maso amachizoloŵera. Ndidaŵaweruza mumtima mwanga, osadziŵa kuti chiweruzo chomwecho chikundidikira kwathu.

Funso la mdzukulu wanga lidayankhidwa m'maŵa mwake. Tidakwera mseu wa ku Namwera, ndipo mai a kunyumba adatsala m'munsi chifukwa cha maondo, pamene ife aŵiri ndi mnyamata wotilondolera tidakwera phiri wapansi kukaona linga la Fort Mangochi. Kumeneku kudali kwao kwa Mfumu Jalasi ya Ayao, imene idalimbana ndi asilikali a Angerezi mpaka idagonja m'chaka cha 1895, ndipo m'chaka cha 1897 ogonjetsawo adamangapo linga lao. Zipupa zake ndi zamiyala, zochindikala koposa, ndipo bwalo la m'kati mwake lingathe kumeza tchalitchi chathu ndi kutsala malo. Koma madenga adagwa kale, mitengo yamera m'zipinda, ndipo pamene pankaima mlonda ndi mfuti lero pamaothera dzuŵa abuluzi. Amene adamanga pamenepa ankaganiza kuti adzalamula mpaka muyaya, koma sipadathe zaka 70 mbendera yao idatsitsidwa.

Pobwerera tidadzera ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo pafupi ndi boma la Ntcheu tidatsika kukaona chiliza cha Inkosi Gomani yoyamba, imene idaphedwa ndi asilikali a Angerezi m'chaka cha 1896. Angoni amasamala malowo ndi ulemu waukulu. Ndidavula chipeŵa, ngakhale kuti ine Mcheŵa ndidakula ndikumva nkhani za makolo athu akuthaŵira m'mapiri poopa nthungo za Angoni. Manda amaphunzitsa kuti wothamangitsa mnzake lero, maŵa amathamangitsidwa nayenso.

Madzulo a tsiku lachisanu, phiri la Chongoni litayamba kuonekera pa zenera la minibasi, mwana uja adafunsanso kuti, "Agogo, taona za Azungu, za Ayao ndi za Angoni. Nanga kwathu kuno kulibe chakale?" Pamenepo mtima wanga udagunda, pakuti ndidadziŵa kuti chakale koposa zonse zimene tidaona chili kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ine ndidali ndisadamtengereko.

M'mapiri a Chongoni ndi oyandikana nao muli malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Odziŵika kwambiri ndi a ku Chencherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Zojambulazo zili za mitundu iŵiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri, ndipo adazijambula Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu adaŵapeza m'dziko muno. Zoyera adazijambula Acheŵa ndi dothi loyera, popaka ndi chala. Zina mwa izo ndi zonga nyama zotambasula miyendo, zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana pa chinamwali, ndipo zina ndi zifanizo za zilombo za nyau. Pa Chencherere katswiri wina, J. Desmond Clark, adakumba pansi pa phanga m'chaka cha 1972 napeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama zimene eni phangalo ankadya. Linga la Fort Mangochi ndi khanda poyerekeza ndi mizere yofiira imeneyi.

Tsono pano ndiulule chimene chidandiletsa zaka zonsezi. Ndili mnyamata woŵeta mbuzi, tinkabisala mvula m'phanga lina lotere, kusonkhamo moto ndi kuotchamo mbatata. Tsiku lina, nditangophunzira kulemba, ndidatenga msomali ndi kuzokota zilembo zoyamba za dzina langa pakati penipeni pa chozungulira chofiira. Loŵeruka lotsatira ulendo wathu ndidapita ndi mdzukulu wanga kuphangako. Mwaye wa moto wathu udakalipo, maina a anyamata ena a makala ndi choko adachuluka, ndipo zilembo zanga zidali pomwepo, zoonekera bwino kuposa chojambula chimene zidaononga. Mwanayo adaziŵerenga, nandiyang'ana, nati, "Agogo, si inu aŵa?" Ndidavomera. Chimene chidapirira mvula ndi dzuŵa kwa mibadwo yosaŵerengeka, ine ndidachilemaza pa madzulo amodzi, ndipo palibe mmisiri amene angachibweze.

Ndikudziŵa kuti ena mwa aŵerengi afunsa kuti mkulu wa mpingo akufunanji ku zithunzi za nyau ndi za chinamwali. Abale, pa chiphunzitso cha mpingo wathu pa zinthu zimenezi sindidasunthe ngakhale pang'ono. Koma kusunga mbiri si kupembedza. Mtumwi Paulo atafika ku Atene adayamba wayendayenda mumzinda ndi kupenyetsetsa zopembedza za eni ake, ndipo ulaliki wake udayambira pa zimene adaonazo, monga tiŵerenga pa Machitidwe 17. Yoswa naye adaimika miyala khumi ndi iŵiri Aisraele ataoloka Yordano, ndi cholinga chakuti ana adzafunse, ndipo makolo adzapeze poyambira kufotokoza. Mapanga ameneŵa ndiwo adabisa agogo athu pa nthaŵi ya nkhondo. Ngakhale pa Nkhoma pomwe, amishoni pofika m'chaka cha 1896 adapeza anthu a Mfumu Mazengera akukhala m'phiri chifukwa cha mantha omwewo. Mwana amene sadziŵa kumene Uthenga udatipeza sangathe kuyamika kumene watifikitsa. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Chotero pempho langa kwa makolo, aphunzitsi anzanga, a Sande Sukulu ndi amai a Chigwirizano ndi ili: amene Mulungu wampatsa kangachepe, atenge banja lake akaone Cape Maclear ndi Mangochi, pakuti ndalama yotero siitayika. Koma tisadakwere galimoto, tiyambe taona zapakhomo. Tipite ndi ana kumapanga pamodzi ndi wolondolera wodziŵa, ndipo tiŵauze kuti zojambulazo sazikhudza ndi manja, sazithira madzi pofuna kuti ziŵale, salembapo, ndiponso sasonkha moto pansi pake. Tikumbukirenso kuti pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi manda a mlaliki kapena mphunzitsi woyamba amene adauyambitsa, ndipo ambiri mwa mandawo ali m'tchire, opanda dzina. Okalamba odziŵa maina ao akutha mmodzimmodzi. Tiŵafunse akali moyo, tilembe m'buku la mpingo.

Sukulu itatsegulidwa ndidapita ndi ana a kalasi langa kuphanga lija. Ndidaŵaonetsa zofiira, ndidaŵaonetsa zoyera, ndipo potsiriza ndidaŵaonetsa zilembo za msomali ndi kuŵauza dzina la mwini wake. Mai a kunyumba akuti chaka chino mbatata ikachita bwino malata ayambe agulidwa, koma zikatsalako tikaone Bandawe.