Pakati pa Mawu a Adokotala ndi Mawu a Agogo

Sabata ino tilingalire nkhani imene achinyamata athu olowa kumene m'banja akukumana nayo, ndipo enanu mudzakumana nayo posachedwa: kadyetsedwe ka mwana wakhanda. Ambiri timaiona ngati nkhani ya amayi okhaokha ku sikelo, koma imatha kugwedeza mtendere wa banja lonse. Khanda likalira pakati pa usiku, aliyense m'nyumbamo amakhala ndi ganizo lake, ndipo aliyense amalankhula chifukwa cha chikondi.

Kwathu kuli mwana wa miyezi itatu. Adokotala a ana adatilangiza mosapita m'mbali kuti ayamwe bere lokha kufikira atakwanitsa miyezi 6, popanda madzi, phala, tiyi kapena mankhwala azitsamba, ndiponso kuti ayamwe nthawi iliyonse imene wafuna, usana ndi usiku womwe. Agogo ake, amene adabwera kudzatithandiza, adalera ana asanu ndi awiri, onsewo adayamba kaphala kamadzimadzi akadali aang'ono. Iwo amati: "Ana inu, mwanayu akulira njala. Kutentha konseku, osampatsako ndi madzi omwe?" Palinso anzathu ophunzira amene amati mwana azizolowera wotchi, aziyamwa pakapita maola atatu alionse, kuti asatilamulire. Kholo lili pakati, ndipo chimene chili pa mlingo ndi moyo wa munthu amene sangathe kudzilankhulira.

Chatithandiza kwambiri ndi funso limodzi limene ambiri timachita nalo manyazi pamaso pa adokotala: chifukwa chiyani? Langizo lopanda chifukwa chake limagonja msanga agogo akangolankhula, koma lomveka bwino limaima.

Mayankho ake ndi awa. Gawo lalikulu la mkaka wa m'mawere ndi madzi, choncho ngakhale m'dzuwa la mwezi wa Okutobala mwana woyamwa mokwanira sasowa madzi ena. Kamimba ka khanda n'kakang'ono, ndipo phala lamadzimadzi limakadzaza popanda kupereka mphamvu imene mkaka ukadapereka. Madzi, kapu ndi supuni zimatha kulowetsa tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, matenda amene amafooketsa khanda m'masiku owerengeka. Za wotchi nazonso zili ndi yankho: thupi la mayi limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akayamwa pafupipafupi mkaka umachuluka, akachedwetsedwa umachepa. N'chifukwa chake khanda limayamwa ka 8 kufikira ka 12 pa tsiku, kuwerengera ndi usiku womwe, ndipo limayenera kumaliza bere limodzi lisanapatsidwe linalo, pakuti mkaka wakumapeto ndiwo uli ndi mafuta ambiri okhutitsa.

Komabe tisafulumire kunena kuti akuluakulu sadziwa kanthu. Agogo akamati kale ku sikelo ankawauza miyezi inayi, sakunama. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linkalangiza miyezi 4 mpaka 6, ndipo ndi m'chaka cha 2001 pamene lidakhazikitsa miyezi 6 yathunthu, litaunika umboni wochokera m'maiko ambiri. Iwo adamvera langizo la nthawi yawo monga ife tikumvera la nthawi yathu. Nawonso adaona ana akufa ndi matenda amene sankadziwika gwero lake, ndipo mantha awo pa kulira kwa mdzukulu ali ndi mizu yozama. Lamulo lachinayi limatipempha kuwalemekeza. Silitipempha kuika mwana pa chiswe pofuna kupewa kuwakhumudwitsa.

Nanga tidziwa bwanji kuti mwana akukhuta? Apa ndi pamene mkangano umatha, chifukwa mboni yake ndi mwanayo. Ngati akunyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, ali maso gwa akadzuka, ndipo mzere wa m'buku lake la ku sikelo ukukwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti mkaka ukumukwanira ngakhale amalira madzulo. Si kulira konse kuli kwa njala. Koma akakana bere, akatentha thupi, akafooka, kapena sikelo ikaima, tisadikire tsiku lolembedwa m'buku, tithamangire kuchipatala. Kumvera adokotala kumatanthauzanso kubwerera kwa iwo n'kuwauza zimene tikuona kunyumba, pakuti iwo amamuona mwana kwa mphindi zochepa pamene ife timagona naye.

Nkhaniyi si ya nyumba imodzi. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo makanda oyamwa bere lokha adatsika kufika pa 61 mwa 100 kuchoka pa 71 m'chaka cha 2010. M'mera mpoyamba: zimene mwana wataya asanakwanitse zaka ziwiri n'zovuta kuzibweza.

Agogo ali ndi malo aakulu m'ntchito imeneyi. Lero dzanja lawo lidyetse mayi woyamwitsa ndi kumupepukitsa pa ntchito za pakhomo. Miyezi 6 ikakwana, dzanja lomwelo lidzaphika phala loyamba, lolimbirako ndithu, losayenderera pa supuni, lotsira nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena masamba, kawiri kapena katatu pa tsiku, bere likupitirira kufikira zaka ziwiri kapena kuposa. Likuni Phala, losakaniza chimanga ndi soya, limene dzina lake lidachokera ku mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, lidzakhalanso pa mndandanda wawo. Uchi wokha udikire mwana akwanitse chaka.

Kwa inu anyamata, abambo a mawa: musamusiye mkazi wanu yekha pakati pa adokotala ndi apongozi ake. Pitani naye ku sikelo, mumve ndi makutu anu, ndipo ngati agogowo ndi amayi anu, inuyo ndinu woyenera kukhala nawo pansi n'kuwafotokozera mwaulemu. Mukatha, apempheni kuti mwezi wamawa adzapite nanu, adzaone okha mdzukulu wawo akukwezedwa pa sikelo, ndi kufunsa anamwino zonse zimene zili kumtima kwawo.

Tikhale ndi sabata yabwino, ndipo Ambuye adalitse makanda onse a m'parishi mwathu pamodzi ndi owalera.