Mantha a m'basi yopanda kondakitala

Anzanga a ku Ndirande atamva kuti ine ndikuopa basi akhoza kuseka mpaka kugwira nthiti. Ndinakulira m'maminibasi a pa Chinseu, muja timakhala anayi anayi pampando wa anthu atatu, dengu la matemba lili pamiyendo, mwana wa mayi wosamudziwa atakugonera paphewa, kondakitala mutu uli kunja akuitanira za m'tauni. Matayala osalala, chitseko chomanga ndi chingwe, koma mtima wanga unkakhala m'malo. Mantha anadzandipezera kuno ku Leeds, m'basi yosanja, yaukhondo, yofunda, imene aliyense amakhala pampando wake ali chete, maso pafoni.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo kuchoka khomo lina kupita lina ndimadalira basi. Zinayamba m'nyengo yachisanu, pamene kuno kumada 4 koloko isanakwane. Tili pakati pa ulendo mtima unangoyamba kuthamanga, m'manja thukuta, mpweya osatsika, ndipo ndinatsimikiza kuti ndikufa. Kuchipatala anandiyeza mtima ndi magazi nati zonse zili bwino. Zitabwereza, ndinayamba kuopa mantha omwewo. Ndinkayenda wapansi mitunda yaitali m'mvula, kapena kukwera taxi, ndalama yoti ndikanatumiza kumudzi n'kumathera pamsewu.

Amayi nditawauza pafoni anangoti, "Mwanawe, kodi ukupemphera?" Ndinati ndikupemphera. "Nanga ukudya?" Azakhali iwo sanachedwe, anati pali wina pamudzi amene sakukondwa kuti ndili kunja. Za mapiritsi amene dokotala anadzandilembera sindinawauze msanga. Kwathu ukangotchula mankhwala a maganizo, anthu amayamba kukuyang'ana ngati uli kale panjira ya ku Zomba.

Dokotala wa m'dera lathu anandilembera sertraline, mankhwala omwa kamodzi patsiku, kuyamba ndi mamiligalamu 25 kenako 50. Anandichenjeza kuti masiku oyamba zikhoza kuipiraipira, ndipo sananame: nseru, tulo tosagwira, mtima uli m'mwamba kuposa kale. Anati mankhwalawa amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti ayambe kuoneka ntchito yake, ndipo anawonjezera kuti paokha sadzandibwezera m'basi. Ananditumizanso ku chithandizo cha kukambirana cha NHS Talking Therapies, chimene ku England chakhalapo kuyambira 2008, poyamba chikutchedwa IAPT.

Ine ndinkafuna china. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira naye ntchito anandiuza za diazepam, kuti ukamwa kamodzi, pasanathe ola uli phee. Dokotala anakana mwaulemu, nati mankhwala amenewo thupi limawazolowera msanga ndipo kuwasiya kumavuta. Mlangizi wanga wa ku Talking Therapies ndiye anandipatsa chifukwa chimene chinandikhala mumtima. Anati mantha amachepa pamene munthu wakhala pamalo owopsawo, wamva zonse zimene thupi likuchita, n'kuona yekha kuti tsoka limene amayembekeza silinafike. Ukamwa piritsi logonetsa mantha usanakwere, ukatsika umathokoza piritsilo, ndipo mawa lake basi imakhala yoopsa ngati dzulo. Ku yunivesite ya Stanford mu 1997 anayesa zimenezi pa amayi oopa ndege. Amene anapatsidwa alprazolam, mankhwala a mtundu umodzi ndi diazepam, anamva bwinoko paulendo woyamba, koma paulendo wachiwiri, opanda mankhwala, ndiwo anavutika kwambiri kuposa anzawo amene anapatsidwa piritsi lopanda kanthu.

Ntchito yeniyeni inali ya papepala ndi pamsewu. Tinalemba zinthu zimene ndimaopa, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, chilichonse ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 10. Kuima pasiteji osakwera. Kukwera siteji imodzi. Kukhala kumbuyo, kutali ndi chitseko. Kukwera m'mwamba nthawi imene ana asukulu aweruka. M'chipinda chake anandichititsanso zinthu zimene amayi akanaziona akanati mwana wanga wapengadi: kupuma kudzera m'kapaipi komwera zakumwa nditatsina mphuno, kuzungulira pampando mpaka chizungulire, kuthamanga pamalo amodzi kuti mtima ugunde. Cholinga chinali choti thupi lizolowere kuti kubanika ndi kugunda kwa mtima si imfa.

Apa ndi pamene ndinaona chimene sertraline amachita ndi chimene sachita. Mantha ankabwerabe, koma m'malo mofika pa 10 ankaima pa 7, ndipo pa 7 munthu ukhoza kukhala pampando osaliza belu loti utsike. Zinali ngati kuyika mwala pa chivindikiro cha mphika wa nyemba: zikubwatabe, koma sizikusefukira pamoto. Kukwera ndinkakwera ndine, ndipo tsiku limene ndinkazemba ntchito ya papepala, piritsi silinkandikwerera.

Pali mankhwala ena amene ndinawamva kwa mlangiziyo ndipo anandikumbutsa kwathu. Cycloserine ndi mankhwala akale a chifuwa chachikulu, amene madokotala amawagwiritsa ntchito pa TB yosamva mankhwala wamba. Mu 2004 akatswiri a ku yunivesite ya Emory ku Atlanta, pakati pawo Kerry Ressler ndi Barbara Rothbaum, anapereka mlingo wochepa wa mankhwalawa kwa anthu oopa malo okwera asanayambe kuwazolowetsa malowo, ndipo anthuwo anachira msanga. Mankhwalawa sachepetsa mantha ngakhale pang'ono. Amathandiza ubongo kusunga zimene waphunzira tsikulo. Koma kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti phindu lake ndi lochepa, komanso kuti gawo likatha munthu akadali ndi mantha aakulu, chimene ubongo umasunga chikhoza kukhala manthawo. Choncho sapereka mwachisawawa, ndipo ine sindinapatsidwe. Ndinangoganiza za mizere ya odwala chifuwa imene ndinkaiona ndili mwana, ndikudabwa kuti piritsi la matenda a kwathu lafika pothandiza anthu oopa nyumba zosanja.

Chondipweteka kwambiri chinabwera titafika pa zimene mlangizi ankati ndi zodzitchinjirizira. Botolo la madzi ndinasiya. Maswiti a m'thumba ndinasiya. Mpando wa pafupi ndi dalaivala ndinasiya. Kenako anafunsa chimene ndimachita mantha akangoyamba, ndipo ndinamuuza kuti ndimaimbira achemwali anga pa WhatsApp. Iwo amadziwa chochita. Safunsa za mtima, amangoyamba nkhani: mtengo wa thumba la chimanga, zochitika paukwati wa mwana wa aneba, magetsi amene athimanso, Bullets ndi Wanderers. Ndikamamva tambala akulira kumbuyo kwa mawu awo, mpweya umatsika wokha. Mlangizi anamvetsera, kenako anati nayonso foniyo tiyese kuisiya m'chikwama.

Ndinakwiya naye sabata yonse. Iye ankaona foni, ine ndinkaona kuti akundilanda chinthu chokhacho cha kwathu chimene chimakwera nane basi. Kwathu munthu ukadwala pagalimoto sudwala wekha. Wina amakupepesa, wina amatsegula windo, mayi wina amakukupiza ndi chitenje, dalaivala amatukwanidwa kuti aime. Kuno ukhoza kunjenjemera ulendo wonse, wapafupi nawe osacheuka, ndipo kumeneko amati ndi ulemu. Komabe sindinganamizire kuti kwathu ndikanachira. Akanandikonda mpaka kundilemaza: wina akanandiperekeza paliponse, wina akanandigulira zonse kumsika, ndipo ndikanakalamba osakweranso galimoto ndekha, pamudzi akungoti uja ali ndi mtima. Mlangizi ananena zoona, kungoti sanadziwe kukula kwa chimene ankapempha.

Panopa ndimakwera m'mwamba, foni ili m'chikwama. Masiku ena nambala imakwerabe, makamaka ndikagwira ntchito usiku osagona bwino. Dokotala akuti mapiritsi ndipitirize kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi chipezereni bwino, ndipo posiya tidzachepetsa pang'onopang'ono, osangodula. Amayi tsopano akudziwa, ndipo amawatcha mankhwala a mtima, ine sindiwatsutsa.

Achemwali ndimawaimbira ndikatsika. Dzulo anafunsa kuti, "Lero zafika pa zingati?"

"Pa 4, achemwali."

"Ndiye ija munkapatsa a taxi muzitumiza kuno. Feteleza wakweranso."