Lusaka: Mzinda Wokhala pa Thanthwe Lopanda Chivindikiro

Kodi mwala ungasungunuke ngati mchere? Funsoli lingamveke ngati la ana, koma yankho lake likukhudza moyo wa mabanja ambirimbiri okhala m'makomboni a Lusaka. Tiyeni, awerengi okondedwa, tiyende limodzi mumzindawu, maso athu asakhale pa nyumba zosanja za mumsewu wa Cairo, koma pansi pamene tikupondapo.

Ulendo wathu uyambire ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Kuno kulira kwa nyundo kumayamba m'mamawa. Amayi ndi abambo amakhala pansi, fumbi lili mbuu, akuswa miyala yotuwa ndi kuiunjika m'milu kuti omanga nyumba adzagule. Miyala yotereyi ndiyo mafupa a Lusaka. Ndi mwala wa laimu pamodzi ndi mbale wake wotchedwa dolomite, imene inapangika pansi pa nyanja zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, kenaka n'kuuma gwa chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika m'kati mwa dziko. Fakitale ya simenti ya ku Chilanga, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1949, imadalira miyala ya mtundu womwewu.

Kuti timvetse khalidwe la mwalawu, tiyambe tasuzumira kutali, ku chipululu cha Arizona m'dziko la America. Kumeneko mtsinje wa Colorado unakumba chigwa chotchuka cha Grand Canyon, chakuya mamita oposa 1,500. Pamwamba penipeni pa makoma a chigwachi pali mwala wa laimu wotchedwa Kaibab. Popeza mvula ndi yochepa m'chipululu, mwalawo susungunuka msanga. Umakhala ngati chivindikiro cha mphika, kuteteza miyala yofewa ya pansi pake kuti isakokoloke. Miyala yofewayo ikadyeka m'mphepete, chivindikiro chimabenthuka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake makoma ake ali chiriri ngati khoma la nyumba. Akatswiri okumba pansi nawonso amachidziwa bwino chivindikiro. Mafuta ndi gasi zimapezeka pamene pali mwala wosadutsa madzi, monga dongo louma kapena mchere, umene unazitsekera kuti zisathawire kumwamba. Mwachidule, chivindikiro chabwino chimalekanitsa za pamwamba ndi za pansi.

Tibwerere kwathu tsopano. Lusaka amalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800 pachaka, yambiri mwa iyo pakati pa Novembala ndi Malichi. Madzi a mvula akamadutsa mumlengalenga ndi m'nthaka amatenga kaasidi pang'ono, ndipo kaasidi kameneka kamanyambita mwala wa laimu chaka ndi chaka. Kamng'alu kakang'ono kamasanduka mpata, mpata n'kusanduka phanga. Choncho mwala umene m'chipululu uli denga, kuno unasanduka sefa. Ndicho chifukwa chake kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzindawu simuonako mitsinje yeniyeni: madzi amalowa pansi n'kumayenda m'njira zawo zobisika, n'kukatumphuka ngati akasupe m'mphepete mwa chitunda.

Chivindikiro chimene Lusaka anali nacho n'chopyapyala: kadothi kochepa ndi lubwe wofiira uja amene akatswiri amamutcha laterite. Nachonso anthu akhala akuchikumba kwa zaka zambiri, lubwe wa misewu ndi maziko, miyala ya konkire. Tikadzera ku Misisi ndi ku Chawama tiona maenje akuluakulu a makwale akale atadzaza madzi obiriwira, ngati dziwe la Ngwenya. Madzi amenewo si a mvula okha ayi. Ndi madzi a pansi pa mzinda amene ali pambalambanda, ndipo chinyalala chilichonse choponyedwamo chalowa m'nkhokwe ya madzi a tonse.

Kuchokera ku Chawama tiwoloke msewu wa Kafue, tilunjike kumadzulo, ku Kanyama. Dziko la kuno ndi lathyathyathya ngati chikhatho. M'chilimwe miyala imatulukira m'misewu ngati mano, ndipo wokumba dzenje la chimbudzi amapeza thanthwe khasu lisanapite patali. Mvula ikalimbika, mapanga a pansi amadzaza, madzi n'kukwera mpaka pabwalo ndi m'nyumba. Apa mpamene anthu amati madzi akutuluka pansi, ndipo sanama. Akuluakulu amakumbukirabe chigumula cha 1978 chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama. Koma choopsa chachikulu sichioneka ndi maso. Chimbudzi chokumba ndi chitsime chosaya zikakhala pa thanthwe limodzi long'aluka, zimamwerana madzi. Mumchenga madzi amayenda pang'onopang'ono ndi kusefeka, koma mumng'alu amathamanga osasefeka konse.

Zotsatira zake tinaziona. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2017 anagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo Kanyama anali pakati pa madera okanthidwa kwambiri. Boma linatumiza asilikali, linakwirira zitsime zosaya ndi kuletsa misonkhano. Mliri unabweranso mu Okutobala 2023. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu sizinatsegulidwe mpaka Febuluwale 2024.

Nanga zinatani kuti anthu ochuluka chotere akhale pamalo otere? Mbiri ikutiuza. Lusaka anayamba ngati kasiteshoni ka sitima m'chaka cha 1905, pachidikha cha miyala ya laimu chimene chinkadzaza madzi m'dzinja. Pamene boma la atsamunda linasankha malowa mu 1931 kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, maofesi ndi nyumba za akuluakulu anazimanga pa Ridgeway, chitunda cha miyala ina yosasungunuka, pamene madzi amatsetsereka okha. Likulu linasamukira kuno mu 1935. Anthu wamba obwera kudzafuna ntchito anapeza pogona m'mafamu ndi m'mphepete mwa makwale, pa nthaka imene ena anaikana. Lero mzinda uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, monga kalembera wa 2022 anaonetsera, ndipo ambiri a iwo ali m'makomboni.

Tikakwera kumpoto chakumadzulo, ku Matero, phazi limamva kuti mtunda wayamba. Pansi pake pali miyala yolimba ya quartzite ndi schist, kotero kuti dzina la Matero linalowa ngakhale m'mabuku a akatswiri a miyala. Kuno madzi a mvula amayenda pamwamba n'kutsikira ku mtsinje wa Chunga. Pafupi pomwepo pali komboni ya George, imene itavutika ndi kolera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, inalandira thandizo la dziko la Japan: zitsime zakuya, matanki okwezeka ndi mipope ya onse. Phunziro la ku George n'lakuti thanthwe lomwelo limene limabweretsa matenda lilinso nkhokwe ya madzi ambiri. Kwa zaka zambiri pafupifupi theka la madzi a m'mipope ya Lusaka lakhala likuchokera m'zitsime zakuya, otsalawo ku mtsinje wa Kafue.

Ntchito ya pansi pa nthaka mumzinda uno ndi yodula. Wokumba ngalande amapeza thanthwe apa, dothi lofewa apo, kenaka madzi. Pena pamafunika makina oswa miyala kapena zophulitsira. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la pafupifupi madola 355 miliyoni lochokera ku America, ngalande za Bombay ndi Mazyopa zinakuzidwa ndi kuwakidwa konkire kuti madzi a pakati pa mzinda azitsikira kumpoto, ku mtsinje wa Ngwerere, ndipo ku Mtendere kunayalidwa mipope ya madzi ndi ya zonyansa. Ku Kanyama, kuyambira 2013, bungwe la Kanyama Water Trust linayamba ntchito yopopa zimbudzi zodzaza, kuti anthu asamangokumba dzenje lina pambali kapena kutayira zonyansa m'madzi a mvula.

Komabe ngalande imodzi singathe kuumitsa mzinda wonse. Pamene chilengedwe sichinaike chivindikiro, anthu ayenera kuchiika ndi manja awo. Dzenje la chimbudzi liwakidwe simenti pansi ndi m'mbali, ndipo likwezedwe pamwamba pa nthaka. Likadzaza, lipopedwe ndi odziwa ntchitoyo. Madzi a m'chitsime chosaya, ngakhale aoneke oyera mbee, asamwedwe osawiritsa kapena osathira klorini. Ndipo eni nyumba za lendi akumbukire kuti chimbudzi chotchipa chimalipiridwa ndi mwana wa mnansi, mwinanso wawo yemwe.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mu Lusaka makwawa ambiri ali pansi pa mapazi athu, pansi pa misika, sukulu ndi zipinda zathu zogona. Chimene tathira m'nthaka mu Disembala, tingachipeze m'kapu ya mwana mu Januwale.